Malonda a Ziŵiya: Zimene Tingaphunzire ku Ndirande

 Lero tikambirana za malonda a ziŵiya za kukhitchini, ndiye kuti mapoto, mbale, makapu, ndowa, mabeseni ndi mbaula. Ena anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya amayi okha, koma sichoncho ai. Palibe nyumba m'dziko muno imene ilibe poto kapena mphika, ndipo alipo mabanja ambirimbiri amene chakudya chawo, lendi ya nyumba ndi fizi ya ana zimachokera m'kugulitsa zinthu zimenezi. Funso limene tifuna kuyankha ndi ili: nanga bwanji masitolo akuluakulu, okhala ndi nthambi m'maboma ambiri, akhala akutsekedwa, pamene mmisiri wokhoma ndowa pansi pa chisakasa ku Ndirande akadali pomwepo? Ndipo kodi mmisiriyo ali pabwino monga momwe tiganizira?

Kwa inu amene simudafikeko, Ndirande ndi dera la mumzinda wa Blantyre limene lili m'munsi mwa phiri la dzina lomwelo, moyandikana ndi mafakitale a ku Makata. Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Blantyre udapezeka ndi anthu pafupifupi 800,000, ndipo Ndirande ndi limodzi mwa madera amene anthuwo adathithikana koposa. Mukamayandikira msika wake, makutu ndiwo amayamba kufika. Mumamva nyundo zikugogoda malata kuyambira m'mamaŵa mpaka dzuŵa kuloŵa. Pamenepo amisiri amakhoma ndowa, zidebe, makeni othiririra mbewu kudimba, mbaula ndi ziwaya. Ena amasungunula zitsulo zakale za aluminiyamu ndi kuumba mapoto okhuthala. Chapafupi pomwepo pali mabenchi odzaza ndi mabeseni a pulasitiki amitundumitundu, mbale ndi masupuni ochokera kunja. Mukasuzumira pakona mupezanso miphika yadothi ndi malichero zochokera kumidzi. Motero katundu wamitundu itatu, wosula pompano, wochokera kufakitale ndi wakumudzi, amalimbirana thumba limodzi la mayi amene watsika kuchokera ku Goliyo, ku Malabada kapena kwa Chinseu.

Tisanapite patali, tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Makolo athu ankaphikira m'miphika ndi m'nkhali zoumba okha, ndipo madzi ankasunga mumtsuko. Ziŵiya zachitsulo zidafala ndi masitolo. Kampani imene idadzatchedwa African Lakes idakhazikitsidwa mu 1878, ndipo anthu adaitcha Mandala chifukwa cha magalasi amene John Moir, mmodzi wa oyang'anira ake, ankavala. Pambuyo pake kudabwera masitolo a Kandodo, ndiponso a amwenye amene adafalikira mpaka kumidzi. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalamula kuti amalonda achimwenye achoke kumidzi ndi kukachita malonda awo m'mizinda, ndipo m'nyengo yomweyo Chipiku adayamba kupikulitsa katundu kwa eni magolosale. People's Trading Centre, imene tonse tinkangoti PTC, idayamba mu 1973 pansi pa kampani ya Press. Masitolo ameneŵa sankagulitsa ziŵiya zokha, koma mabanja ambiri adagulako ketulo yawo yoyamba, ndipo mphatso zambiri zaukwati zidachokera m'mashelefu awo.

Lero dzina la Kandodo latsala pa malo otsikira minibasi mu Blantyre. PTC, itakhala ikuluza ndalama kwa zaka zingapo, idagulitsidwa ndi Press Corporation kwa kampani ya Tafika Holdings mu 2022, ndipo m'chaka chomwecho nkhani ya ngongole zake idafika kukhoti, masitolo n'kutsekedwa. Shoprite, imene idatsegula sitolo yaikulu ku Chichiri kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, idalengeza mu 2025 kuti ikugulitsa masitolo ake a m'Malaŵi, monga momwe idachokera kale ku Kenya, ku Nigeria ndi ku Uganda. Musaganize kuti zimenezi zimachitika kwathu kokha. Ku South Africa masitolo a Boardmans, amene ntchito yawo yeniyeni inali ziŵiya za m'nyumba, adatsekedwa mu 2018. Ku America, Bed Bath & Beyond idagwa mu 2023, ndipo Tupperware, imene makontena ake amayi ambiri a kuno amawadziŵa, idapita kukhoti mu 2024 kukavomera kuti ngongole zaikulira. Kampani iliyonse inali ndi mavuto akeake, ndipo sitinganene kuti zonse zidagwa ndi nthenda imodzi. Komabe pali zinthu zinayi zimene zimasautsa aliyense wogulitsa ziŵiya m'dziko lathu lino, wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

Choyamba n'chakuti poto si sopo. Sopo, mchere ndi shuga zimatha, ndipo wogula amabwerera sabata yamaŵa. Poto wabwino amakhala zaka, nthaŵi zina mpaka kusiyira mwana. Ndiponso mtengo wa chimanga ukakwera, mayi sangasiye kugula ufa kuti agule mbale zatsopano. Poto akabooka amapita naye kwa mmisiri kuti akammate, beseni likang'aluka amalisoka ndi waya kapena kulimata ndi moto. Choncho m'chaka cha njala wogulitsa ziŵiya ndiye amayamba kumva kuŵaŵa, ndipo zinthu zikayamba kuyenda bwino iye ndiye amatsiriza kuchira. Katundu amene wakhala pashelefu miyezi isanu ndi umodzi ndi ndalama yogona, pamene lendi ndi malipiro a antchito sizigona.

Chachiŵiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, katundu wambiri amagulidwa ndi ndalama zakunja koma amagulitsidwa ndi makwacha. Mu May 2012 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi pafupifupi theka. Mu May 2022 idatsikanso ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 kubanki idafika pa K1,700. Manambala ameneŵa amamveka ngati nkhani ya anthu a m'maofesi, koma tiyeni tiwatsitsire pabenchi ndi chitsanzo. Tiyerekeze kuti wamalonda adaoda mapoto 20 ndi madola 100 kwacha isanatsike. Ndiye kuti adalipira K118,000, poto mmodzi K5,900. Iye akugulitsa mmodzi K7,500, ndipo onse atatha ali ndi K150,000 m'thumba. Akaŵerenga akuona phindu la K32,000, mtima uli m'malo. Koma pobwerera kukaoda apeza kuti mapoto 20 omwe aja tsopano ndi K170,000, poto mmodzi K8,500. Ndalama zake zonse, mpamba ndi phindu pamodzi, zigula mapoto 17 okha, ndipo apo sitinaŵerengere thiransipoti, msonkho wa pamsika ndi chakudya cha ana. Makwacha achuluka, mapoto achepa. Zikachitika katatu kapena kanayi, benchi limatsala ndi masupuni okha, mwini wake osadziŵa kumene mpamba waloŵera. Sitolo yaikulu imadwala nthenda yomweyi, kungoti manambala ake ndi aakulu. Ndipo pamene madola akusoŵa m'mabanki, ambiri amakawagula kwa osintha ndalama a m'misewu pamtengo wokwera koposa wa kubanki.

Chachitatu ndi moto. Kalembera wa 2018 adasonyeza kuti nyumba pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zophikira magetsi zinali zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Ambiri a ife timaphika pamafuwa ndi nkhuni kapena pambaula ndi makala. Ngakhale amene ali ndi magetsi amasunga mbaula pakhonde, pokumbukira zimene zidachitika mu January 2022, pamene namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthaŵi yopitirira chaka. Tsono poto wonyezimira wa chigwiriro cha pulasitiki, wopangidwira mayi wa ku Johannesburg, mukamuika pamakala chigwiriro chimasungunuka. Poto wopyapyala amapsereza nsima isanapse, ndipo salimba pamene mthiko ukuvundula ufa wa anthu khumi. Uja wopakidwa zakuda m'kati kuti chakudya chisamamatire amakalika tsiku lomwelo limene mwana wampala nkhoko ndi supuni ndi kumkwecha ndi mchenga. Wooda katundu amene sadaonepo khitchini ya wogula wake amadzaza sitolo ndi zinthu zokoma m'maso zimene sizituluka pakhomo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachinayi ndi zolipira za tsiku ndi tsiku. Sitolo yaikulu imalipira lendi, magetsi, jenereta, alonda, magalimoto ndi akalaliki a kulikulu. Zonsezi zimakwera pamsana pa poto. Ndiponso mtengo wake ndi wolembalemba, wosanenerera. Wogula wa ku Ndirande, kuti akafike kumeneko, ayambe walipira minibasi kupita ndi kubwera, pamene pamsika wa kwawo angofika ndi miyendo.

Apa m'pamene mmisiri wa ku Ndirande amapambanira. Iye amadziŵa moto wa makasitomala ake chifukwa mkazi wake amaphikira moto womwewo. Mukamuuza kuti mufuna poto wa pamaliro wophikira anthu 50, kapena chiwaya cha tchipisi chokwana pa mbaula yanu, akupangirani monga mwa muyeso wanu. Mukapereŵera pang'ono mumanenerera, kapena kupereka theka lero, theka pakutha pa mwezi. Ndowa ikadontha mumabwerera nayo kwa iye yemweyo, ndipo sangathaŵe chifukwa mumapemphera naye tchalitchi chimodzi kapena mzikiti umodzi. Sasunga katundu wambiri wogona. Amagula lata limodzi kapena aŵiri, kukhoma, kugulitsa, ndi kukagulanso.

Komatu tisamtame mopitirira, pakuti naye ali ndi minga yake. Malata amene amakhoma amachokera ku chitsulo chogulidwa kunja, choncho kwacha ikatsika naye amalira. Dziko lathu lili ndi miyala ya aluminiyamu pa phiri la Mulanje, koma sidakumbidwepo, pamene anansi athu a ku Mozambique adatsegula fakitale yosungunula aluminiyamu ya Mozal pafupi ndi Maputo mu 2000. Ndowa ya pulasitiki, yopepuka ndi yotsika mtengo, yalanda makasitomala ambiri a ndowa yamalata. Mu March 2025 Unduna wa Zamalonda udaletsa kuitanitsa kunja katundu wina, kuphatikizapo ziŵiya za pulasitiki, pofuna kuteteza opanga a m'dziko muno. Lamulo lotere lingathandize mafakitale a kuno, koma silingasandutse ndowa yodontha kukhala yabwino.

Pali nkhani inanso imene sitiyenera kuibisa. Mu 2014 akatswiri adayeza mapoto oumbidwa ndi aluminiyamu wakale ku Cameroon, ndipo adapeza kuti ena amatulutsa mtovu pophika. Mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana pang'onopang'ono, popanda chizindikiro chooneka msanga. Umaloŵa m'poto pamene woumba wasakaniza zitsulo zosayenera, monga zidutswa zina za injini ndi za galimoto. Sitikunena kuti mapoto onse oumbidwa ndi manja ndi oipa ai. Tikunena kuti mmisiri wosamala asankhe bwino zimene akuponya m'ng'anjo, ndipo amisiri akadziphatikiza m'gulu angathe kupempha uphungu ku bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziona za ubwino wa katundu. Tsiku limene ogula adzayamba kukayikira poto wa pamsika, malonda a onse adzagwa, osamala ndi osasamala omwe.

Tsopano tiyeni tilankhule ndi inu amene muli pakati, amene simuli kampani yaikulu komanso mudapitirira benchi limodzi. Taganizirani mayi amene adayamba ndi mabeseni khumi pamsika wa Ndirande. Malonda atayenda adatsegula kasitolo ku Bangwe n'kuikamo mchemwali wake, kenaka kena ku Machinjiri n'kuikamo mwana wa achimwene ake. Mayi ameneyu ali ndi nthambi zitatu, ndipo mavuto ake ndi omwe aja a masitolo akuluakulu, kungochepa msinkhu. Sangakhale malo atatu nthaŵi imodzi. Ku Bangwe katundu wina watengedwa pangongole ndi anansi, ndipo palibe chidalembedwa. Ku Machinjiri mapoto akugulitsidwabe pamtengo wa miyezi itatu yapitayo chifukwa palibe adanena kuti mtengo wooda wasintha. Kwabwera maliro kumudzi, ndalama zachokera m'kabati ya sitolo. Mwezi ukatha benchi la ku Ndirande, limene likupindula, ndilo likulipira lendi ya masitolo aŵiri enawo. Kuti adzaze mashelefu atenga katapila, ndipo kuyambira pamenepo akugwirira ntchito mwini katapila. Anthu odutsa akuti mayi uja walemera, ali ndi masitolo atatu, osadziŵa kuti usiku sagona tulo.

Kodi mayi wotereyu achite chiyani? Choyamba, aŵerenge mapoto, osati makwacha okha. Pa tsiku loyamba la mwezi aŵerenge katundu yense wa m'nthambi iliyonse ndi kulemba m'kope: mapoto angati, ndowa zingati, mbale zingati. Mwezi wotsatira aŵerengenso, ataoda kale. Ngati katundu akuchepa pamene ndalama zikuoneka zambiri, adziŵe kuti akudya mbewu. Kope la ana a sukulu ndi lokwanira pa ntchito imeneyi.

Chachiŵiri, poika mtengo asafunse kuti, "Ndidagula zingati?" koma afunse kuti, "Ndikagulanso zingati?" Asanagulitse katundu wotsala aimbe foni kwa wopikulitsa ku Limbe ndi kumva mtengo wa lero. Kumeneku si kuba kapena kudyera anthu masuku pamutu. Kubisa katundu kuti mtengo ukwere ndiko kulakwa. Koma kugulitsa pamtengo umene sungabweze katundu pashelefu ndiko kudzitsekera wekha sitolo, ndipo wogula sapindula kanthu sitolo ikatsekedwa.

Chachitatu, nthambi iliyonse ikhale ndi kope lake ndipo idzilipirire yokha lendi. Imene yalephera miyezi ingapo yotsatizana itsekedwe msanga, manyazi apite apo. Mbeŵa ya manyazi idafera kuuna. Kuli bwino benchi limodzi lodzaza kusiyana ndi masitolo atatu a mashelefu opanda kanthu. Ndipo mbale amene waikidwa m'sitolo alandire malipiro odziŵika, kuti asamadzilipire yekha kuchokera m'kabati.

Chachinayi, aode monga mwa nyengo. Anthu akakolola ndi kugulitsa fodya, soya ndi nandolo, ndalama zimayenda ndipo maukwati amachuluka. Imeneyo ndiyo nthaŵi ya mapoto aakulu ndi mbale za mphatso. Sukulu zikamatsegulidwa, ana opita kogonera komweko amafuna ndowa, mbale, kapu ndi supuni. Mwezi wa December magulu a banki m'khonde ambiri amagaŵana ndalama, ndipo amayi a magulu ogulirana ziŵiya amafuna katundu wambiri nthaŵi imodzi. Wanzeru amapita kukapangana nawo miyezi iŵiri isanakwane. Koma mu January ndi February, pamene ndalama zapita ku feteleza, fizi ndi chimanga, si nthaŵi yodzaza sitolo ndi ngongole.

Chachisanu, asanyoze katundu wa kuno. Mbaula yadothi ya Chitetezo, imene boma lidailimbikitsa pofuna kuti mbaula zosamala nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020, imaumbidwa ndi dothi lathu lomweli ndipo sifuna dola. Chimodzimodzi mithiko, zipande, malichero ndi miphika. Phindu lake pa chinthu chimodzi lingakhale lochepa, koma mtengo wake sudumpha usiku umodzi chifukwa cha chilengezo cha banki yaikulu. Ndipo pa katundu amene sangapezeke kuno, amalonda anayi kapena asanu asonkhe ndalama ndi kuoda pamodzi, kuti mtengo wooda ndi wa galimoto utsike. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu ogula, mawu ndi ochepa. Poto mumnyamule m'manja ndi kumva kulemera kwake, muone kukhuthala kwa pansi, mugwedeze chigwiriro. Mufunse woumbayo zimene adasungunula, ndipo chakudya chowawasa musachigoneke m'poto wa aluminiyamu. Ndowa yamalata ndi yotungira madzi, si yophikira. Chotsika mtengo chimene muchigula kaŵiri pachaka n'chodula kuposa cholimba chimene muchigula kamodzi.

Omvera anzanga, masitolo aja adagwa anali ndi magalimoto, akatswiri oŵerengera ndalama ndi maina odziŵika m'dziko lonse. Ngati iwo adalephera kupirira, wabenchi asadzinamize kuti zimenezi sizingamgwere. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Komanso asataye mtima, pakuti ali ndi chinthu chimene kampani yakutali imachipeza movutikira: amadziŵa khitchini ya wogula wake, amadziŵanso tsiku limene wogulayo amalandira. Chimene chimasoŵa kaŵirikaŵiri ndi kope ndi pensulo. Choncho inu amene mukumvera muli pafupi kutseka benchi lanu madzulo ano, ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Chilomoni, ku Mzimba kapena ku Ntcheu, musanamange katundu m'thumba, muŵerengeni ndi kulemba. Mwezi wamaŵa mudzaŵerengenso, ndipo mudzadziŵa nokha ngati malonda anu akukula kapena akutha.